Tisanapite ndi envulopu kutchalitchi, tilipire kaye mlonda

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi akhristu anzanga, makamaka awo amene Mulungu anawadalitsa ndi chuma, chifukwa zimene ndinaona Lamulungu lapitali zandisowetsa tulo.

Kutchalitchi kwathu kunali pepa sande yofuna ndalama zomangira mpanda. Bambo ena odziwika m'dera lathu anaimirira nkutulutsa envulopu yonenepa, amayi kululutira, kwaya kuimba, tonse kuomba m'manja. Koma ine ndinakhala benchi imodzi ndi mlonda wa kunyumba kwa bambowo, tili mphakati umodzi ndiye ndimadziwa za pakhomo pake, munthu watha miyezi iwiri osalandira, akafunsa amangouzidwa kuti zinthu sizili bwino adikire, lendi yamukwana ndipo mkazi wake akuchita kukongola ufa pa oyandikana nawo. Nayenso anaomba m'manja. Mtima unandiwawa kwambiri.

Sindikudana ndi zopereka ayi, mpandawo tikuufuna ndithu. Koma ndalama imene inali mu envulopu ija, mbali ina siinali ya bambowo. Inali ya mlonda. Baibulo silinabise nkhani imeneyi. Pa Levitiko 19:13 Mulungu akuletsa kuti malipiro a munthu waganyu agone kwa bwana mpaka m'mawa, usiku umodzi wokha, nanga miyezi iwiri? Yakobo 5:4 akuti malipiro amene munawamana okolola m'minda yanu akufuula ndipo kulira kwawo kwafika m'makutu mwa Ambuye. Apa sakunena za chifundo, akunena za ngongole.

Ndi pomwe ambirife timasokoneza. Timaganiza kuti kuthandiza wosauka ndi kukoma mtima kwathu, tikafuna tichita tikapanda kufuna basi. Koma taonani lamulo la khunkha pa Levitiko 19:9-10, mwini munda sankaloledwa kukolola mpaka m'mphepete kapena kubwerera kukatola zotsala, zimenezo zinali za amphawi ndi alendo, gawo lawo m'munda wa mwini wake. Ndipo munthu wachuma wa pa Luka 16 uja sitimva kuti anamenya Lazaro kapena kumuthamangitsa. Ankangomudutsa pachipata tsiku ndi tsiku, mpaka agalu ndi amene ankanyambita zilonda zake. Mlandu wake unali womwewo basi.

Enanu munene kuti izi ndi ndale, tchalitchi chizingolalikira zakumwamba. Amene tinalipo pa 8 Malichi 1992 tikukumbuka kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi nthawi ya Kamuzu, pamodzi ndi za ufulu wolankhula inanenanso za malipiro ochepa a antchito komanso kusiyana kwa olemera ndi osauka kumene kunkakulirakulira. Anasainira a James Chiona ndi anzawo podziwa kuti akuika moyo pachiswe, ndipo mmodzi mwa iwo, a John Roche, anathamangitsidwa m'dziko muno. Ufulu wolankhula tinaupeza, koma mbali ya malipiro ija tinaisiya panjira.

Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amabizinesi anakweza mitengo tsiku lomwelo, nanga ndi angati mwa ife amene tinamuonjezera mtsikana wantchito wa m'nyumba? Ena amapita kumudzi nthawi yokolola ndi sikelo yochuna kukagula chimanga motchipa kwa alimi amene ali pa mavuto a fizi, nkudzawagulitsa chomwecho mu Januwale pa mtengo wolilitsa, zomwe mneneri Amosi anadzudzula kalekale pa chaputala 8. Ena ndi akatapila. Onsewa Lamulungu amakhala kutsogolo, ndipo makomiti timasankha omwewo.

Abambo mfumu, abusa ndi akulu ampingo, chonde musaope kutaya opereka zambiri. Zakeyu atalandira Yesu kunyumba kwake analonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera, ndipo atatero ndi pamene Yesu anati chipulumutso chafika m'nyumbamo. Tilalikireni zimenezi olo tikwiye.

Ine ndaganiza kuti sabata ino ndipite kwa bambo aja ndi mkulu wa mphakati wathu tikakambe nawo mwaulemu za malipiro a mlondayo. Ndili ndi mantha, ndi anthu akuluakulu, komabe tipita.

Mkhristu wokhudzidwa,
Ndirande, Blantyre