Ababa mawu akuwathawa

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumeneko ku Johannesburg. Pepa kuti mauthenga ako a pa WhatsApp ndimangowawerenga osayankha. Lero ababa agona msanga, ndiye ndati ndikhale pansi ndikufotokozere bwinobwino.

Paja ndinakuuza za mutu uja unkawavuta m'mawa uliwonse mpaka kusanza. Ku Queen Elizabeth anawajambula ndi makina a MRI, ndipo anapeza chotupa mu ubongo. Akuti ndi khansa yotchedwa glioblastoma, yothamanga kwambiri. Adokotala sanatibisire. Chimayanga ngati kapinga, moti ngakhale achichotse pa opaleshoni chimaphukanso. Chili kumanzere kwa mutu, n'chifukwa chake dzanja ndi mwendo wakumanja zalefuka, ndipo mawu akuwathawa.

Za mawuzi ndiye zikundidya mumtima. Munthu woti anaphunzitsa Chichewa moyo wake wonse, yemwe ankatikhazika pakhonde ine ndi iwe tikapotoza mwambi! Dzulo ankafuna madzi akumwa, koma pakamwa pankangotuluka "choko, choko". Ndinawaonetsa supuni, foni, chipewa, iwo n'kumangopukusa mutu. Atatopa anatembenukira kukhoma, misozi ili chuchuchu. Kapu inali pampando pomwepo, ine osaiganizira. Pano ndadula zithunzi za kapu, mbale ndi chimbudzi n'kuzimata pakatoni kuti azingoloza.

Akumwa dexamethasone wochepetsa kutupa mu ubongo. Mutu wayamba kupepuka, koma nkhope yafufuma, usiku tulo palibe, ndipo njala yake ndi yoopsa. Alendo akaona akumaliza mitanda itatu ya nsima amati, "Achira awa!" Ine ndimangoti zikomo. Anamwino a ku Tiyanjane, kumene amasamalira odwala matenda osachiritsika, anatipatsa morphine wamadzi wochepetsa ululu, timawamwetsa maola 4 aliwonse. Mankhwalawa amamanga m'mimba, ndiye mapapaya sasowa pakhomo pano. Anatiphunzitsanso kuwatembenuza pafupipafupi kuopa zilonda, komanso kuti akagwa ngati akhunyu tiziwagoneka chammbali, osawaika kanthu m'kamwa. Tsiku loyamba amayi anathamangira supuni, ndinachita kuwalanda.

Amalume akuumirirabe kuti ndi zaanthu, akufuna tipite nawo kwa asing'anga. Sindikangana nawonso, mphamvu zake ndilibe. Ndinangowauza kuti abwere adzagone nawo usiku umodzi, ine ndipumuleko. Mpaka lero sanaoneke.

Koma tamva izi. Lachinayi kunabwera amayi a Mvano kudzacheza. Atayamba nyimbo, ababa analowa ndi besi yawo ija, ndime yonse osaphonya liwu ngakhale limodzi. Amayi anga anathawira kukhitchini kukalira. Anamwino akuti zimachitika ndithu, munthu wolephera kuyankhula amatha kuimba. Kuyambira tsikulo ndikamawasambitsa timaimba, ndipo savutanso ngati kale.

Wandifunsa kangapo chimene ungatumize. Ndalama zija zinafika, tinagulira matewera ndi pulasitiki wa pamatiresi, Mulungu akudalitse. Mankhwala azitsamba ukuti akugulitsidwa kumeneko usagule, ungotaya ndalama. Chimene ndikupempha n'chakuti ujambule mawu ako pa foni ukuimba imodzi mwa zija tinkaimba ku kwaya, iwo akutiimbitsa. Dzina lako mwina sangalitchule, koma ndikawaonetsa chithunzi chako amamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. Usadikire kuti udzabwere pa Khirisimasi, tumiza sabata ino.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
wa ku Chilomoni