Za Chipewa Chopindika Chija

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Amayi ako andiuza pa foni kuti sukuwapatsa mpata, ukungofunsa za abambo ovala chipewa chopindika mbali imodzi amene ali pachithunzi chapabalaza. Akuti nawenso ukufuna chipewa chotero. Ndaseka mpaka kutsokomola. Khala pansi tsono ndikuuze. Amenewo ndi atate anga ondibala, agogo awo a amayi ako.

Anali msilikali wa Keyala. Azungu ankalemba KAR, kutanthauza King's African Rifles, koma pakamwa pa anthu akumudzi dzinalo linasanduka Keyala. Anakalembetsa usilikali ku Zomba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, dziko lathu lino likutchedwa Nyasaland. Anali mnyamata, asanakwatire n'komwe. Tsiku lonyamuka amayi awo anakana kudya, ndipo sindiwanena. Amuna awo anali atagwidwapo kale pa nkhondo ya 1914, imene anthu ankaitcha ya Chiwaya chifukwa cha mfuti zolira ngati chimanga chikuthetheka pamoto. Iwowo sanapatsidwe mfuti ayi. Anali a tengatenga, osenza katundu wa asilikali pamutu, osavala nsapato, mpaka kupitirira Karonga. Anabwerako ataonda ngati bango.

Atate anakwera sitima ya pamadzi ku Mombasa, iwo amene anali asanaonepo madzi amchere. Anakhalako ku Ceylon, kumene lero amati Sri Lanka, kenaka mu 1944 anawatumiza ku Burma kukamenyana ndi asilikali a ku Japan. Anayenda m'chigwa cha Kabaw nthawi ya dzinja lakumeneko. Mvula yake, mdzukulu wanga, si ino timathawira pakhondeyi. Ankati zovala zinkawolera m'thupi, matope kufika m'mawondo, ndipo ukavula jombo madzulo umapeza misundu itakhuta magazi ako. Malungo anagwetsa anzawo ambiri. Chaka chimenecho chikutha anafika pa mtsinje waukulu wa Chindwin.

Koma usaganize kuti ankakonda kukamba zimenezi. Tikawafunsa za mfuti ankangoti, "Pitani mukatunge madzi." Zimene ankatisimbira ndi za njovu zogwira ntchito ngati ng'ombe, zokoka mitengo, munthu atakhala pakhosi pake. Ife tinkati akutinamiza. Ankasekanso Chinyanja cha azungu owalamulira, chifukwa nawo ankayenera kuphunzira chilankhulo chathu, ndiye chinkatuluka chokhotakhota. Mpunga sankaudya. Ngakhale pa Khirisimasi ankati, "Wanga ndinamaliza kudya ku Burma, ndipatseni nsima." Bingu likagunda usiku ankadzuka n'kukhala tsonga pamphasa, chete, mpaka mvula itakata. Ndili wamng'ono ndinkaona ngati akupemphera.

Nkhondo inatha mu 1945, koma iwo anafika kumudzi chaka chotsatira, atasenza bokosi lachitsulo. Ndalama zimene anabwera nazo anagulira njinga ndi makina osokera, n'kuyamba utelala pakhonde la sitolo. Ndi pamenepo anaonerana ndi amayi anga, amene anabwera kudzasoketsa diresi. Akuti diresilo linatenga milungu itatu, chifukwa telala ankangoti mubwerenso mawa. Anakalowa chikamwini kwa amayiwo, ndipo tinabadwa ana asanu ndi mmodzi. Ine ndine wachinayi.

Chipewa chija chinadyedwa ndi chiswe kalekale, pepa. Koma mendulo yawo ilipo, yooneka ngati nyenyezi, imene ankaitcha Burma Star. Ndinaikulunga m'kansalu m'bokosi lomwe lija. Ukatsekera sukulu ubwere udzaigwire ndi manja ako, koma usambe kaye. Miyendo ikandilola tidzapitanso ku Zomba ukaone chipilala chachitali cha njerwa, chokhala ndi wotchi, chokumbukira asilikali a Keyala.

Upereke moni kwa amayi ako ndi abambo ako. Uwauze kuti nkhuku yako ija yaswa anapiye asanu ndi awiri.

Ndine agogo ako okukonda.