Loko wa pa webusaiti sadzisamala yekha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene ambiri mwa ife amene tili ndi mawebusaiti a sukulu, a mipingo, a mabungwe ndi a mabizinesi sitiiganizira n'komwe, chonsecho ndi imene imateteza anthu amene amalemba mawu achinsinsi ndi manambala a akaunti pa masamba athu.

Munthu akatsegula tsamba loyamba ndi zilembo za https, foni kapena kompyuta yake imafunsa satifiketi yotsimikizira kuti tsambalo ndi la mwini wake weniweni, ndipo ikakhutira, zonse zimene mbali ziwirizi zikutumizirana zimabisidwa kuti wina wapanjira asaziwerenge. Amene anakupangirani webusaiti salemba yekha pulogalamu yogwira ntchito imeneyi. Amatenga zigawo zimene ena analemba kale, zimene akatswiri amazitcha malaibulale, n'kuzilumikiza pamodzi. Palibe cholakwika pamenepa, chifukwa kulemba wekha pulogalamu yobisa uthenga n'kudziputira mavuto. Vuto limabwera pamene eni laibulale asiya kuisamala, inu osadziwa, popeza tsamba limapitiriza kutseguka bwinobwino ndipo palibe chimene chimakuchenjezani.

Pa 7 April 2014 dziko linamva za cholakwika chotchedwa Heartbleed, chimene chinapezeka mu OpenSSL, laibulale yobisa uthenga imene maseva (makompyuta osunga mawebusaiti) ochuluka zedi amadalira. Cholakwikacho chinkalola munthu aliyense kutapa makilobayiti 64 a zimene seva ikusunga nthawi imeneyo, mobwerezabwereza, ndipo m'zotapidwazo munkatha kupezeka mawu achinsinsi a anthu ngakhalenso kiyi wachinsinsi wa satifiketi. Chinakhala chobisika kwa zaka ziwiri kuchokera mu March 2012. Ku Canada, bungwe lotolera misonkho linalengeza kuti manambala ozindikiritsa anthu pafupifupi 900 anabedwa kudzera pa mpata umenewu. Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti ntchito yaikulu chonchi yosamala OpenSSL inkalandira zopereka za madola pafupifupi 2,000 okha pa chaka, ndipo munthu wogwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku anali mmodzi.

Komatu OpenSSL inali ndi eni ake, ndipo tsiku lomwe nkhani inalengezedwa, pulogalamu yokonzedwa inali itatuluka kale. Amene ankatsatira anaiika n'kusintha masatifiketi awo. Nanga laibulale imene mwini wake anaisiya kalekale, adzaikonza ndani? Ngakhale OpenSSL yomweyo ili ndi mitundu imene inatha nthawi yake: mtundu wa 1.0.2 unasiya kukonzedwa kwaulere kumapeto kwa 2019, ndipo wa 1.1.1 unasiya mu September 2023. Pa 30 September 2021, satifiketi yakale ya DST Root CA X3, imene masatifiketi operekedwa ndi bungwe la Let's Encrypt ankatsamirapo, inatha ntchito, ndipo makina ambiri amene anali akadali pa 1.0.2 anayamba kukana masamba amene analibe vuto lililonse.

Ine ndinazionera ndekha chaka chomwecho. Bungwe lina laling'ono limene ndimathandizako linali ndi webusaiti imene mnyamata wina anaipanga, n'kulandira malipiro ake, n'kupita. Masatifiketi a Let's Encrypt ankatha pakadutsa masiku 90, choncho iye anaika kapulogalamu kotenga satifiketi yatsopano pakokha. Kapulogalamuko kanali koti mwini wake anakasiya, ndipo Let's Encrypt atatseka njira yake yakale ya ACMEv1 mu June 2021, kanangokhala chete. Tinadziwa anthu atayamba kuimba foni kuti tsamba likuwaopseza kuti si lotetezeka. Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mmodzi wa ogwira ntchito anayamba kuwauza kuti asalabadire chenjezolo, angodina n'kupitirira. Anthu akazolowera kutero, tsiku limene akuba adzawakonzere tsamba lachinyengo adzadinanso chimodzimodzi.

Chifukwa chimene ndalembera tsopano n'chakuti nthawi ya masatifiketi ikufupikitsidwa. Mu April 2025, bungwe la CA/Browser Forum, mmene mumakhala makampani opereka masatifiketi pamodzi ndi eni Chrome, Safari ndi Firefox, linagwirizana kuti malire a masiku 398 atsike kufika pa 200 mu March 2026, pa 100 mu March 2027, ndipo pomaliza pa 47 mu March 2029. Izi zikutanthauza kusintha satifiketi pafupifupi kasanu ndi katatu pa chaka, ntchito imene palibe mlembi wa mu ofesi angamaikumbukire pa kalendala. Tonse tidzadalira mapulogalamu ochita zimenezi paokha, ndipo amene pulogalamu yake ili yosiyidwa adzadziwa tsamba litakana kutseguka, mwina pa sabata yolipira fizi kapena yolandira malipiro.

Sindikuimba mlandu achinyamata athu opanga mawebusaiti, chifukwa ambiri amalipidwa kamodzi kokha, ndipo palibe amene amawapatsa ndalama yobwereranso kudzaona ngati zonse zili bwino. Mlandu waukulu uli kwa ife ogula, amene timaona webusaiti ngati chikwangwani cha pamsewu choti ukachikhoma watha nazo. Pempho langa kwa akuluakulu a mabungwe, makamaka amene amasainira mapangano ogulira zinthu m'boma ndi m'makampani, n'lakuti panganolo lizitchula malaibulale ndi mitundu yake imene yagwiritsidwa ntchito, tsiku limene eni ake adzasiye kuikonza, ndi dzina la munthu amene adzaisinthe tsikulo lisanakwane. Mu bajeti ya chaka chilichonse muzikhalanso ndalama yolipira munthu ameneyo.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Zomba