Tisamale pokonza matchalitchi akale monga cha ku Livingstonia

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za tchalitchi cha CCAP cha ku Livingstonia, pamwamba pa phiri la Khondowe, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894 atayesa ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Bandawe mu 1881, malo amene malungo anawazunzako kwambiri.

Aliyense amene anakwerako kudzera msewu wokhotakhota wa Gorodi kuchokera ku Chitimba amadziwa makoma ake a njerwa zofiira zootcha, nsanja yake, komanso zenera lagalasi lamitundumitundu losonyeza David Livingstone ndi anzake a paulendo, nyanja ili kumbuyo kwawo. Chapafupi pali Stone House, nyumba yamiyala imene Laws ankakhala, ndipo m'dera lomwelo mu 1959, boma la atsamunda litafuna kusamutsa azungu, anthu a pamishoni anayala miyala yolemba Aefeso 2:14 kuti a boma odutsa pa ndege awerenge kuti azunguwo sachoka.

Nkhawa yanga ndi kakonzedwe. M'mipingo ina kuno kumpoto ndaona akuluampingo, ndi mtima wabwino ndithu, akumata pulasitala wa simenti pa njerwa zakale n'kupakapo penti wonyezimira, poganiza kuti akulimbitsa nyumba ya Mulungu. Zoona zake n'zakuti simenti imatsekera chinyontho m'khoma, ndipo kumalo a mvula yambiri ndi nkhungu ngati kwathu kuno, njerwa imayamba kufumbutuka mkati, pulasitalayo n'kumalira ngati ng'oma ukamugogoda. Makoma otere amafuna dothi losakaniza ndi laimu, lomwe limalola madzi kutuluka, ndiponso denga losadontha ndi ngalande zopatutsa madzi pamaziko. Ntchito zimenezi sizioneka pa tsiku la chikondwerero, n'chifukwa chake sizikopa opereka ndalama.

Ndikupempha Sinodi ya Livingstonia, yomwe likulu lake lili konkuno ku Mzuzu, kuti igwirizane ndi nthambi ya boma yoona zinthu zakale polemba malangizo oti mpingo uliwonse uzitsata usanakhudze khoma lakale, kaya ndi ku Khondowe, ku Bandawe, ku Ekwendeni kapena ku Embangweni. Ophunzira a University of Livingstonia akhozanso kuyeza ndi kujambula nyumbazi mbali zonse, kuti mmisiri wobwera kudzakonza azikhala ndi poonera.

Ine wowerenga wanu,
Katoto, Mzuzu