Ntchito ya malemu van Oldenborgh ndi kaundula wathu wa mvula

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndikambeko za munthu amene Amalawi ambiri sanamumvepo, chikhalirecho ntchito yake imakhudza kwambiri anthu a ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje. Ndikunena malemu Geert Jan van Oldenborgh, katswiri wa zanyengo wa ku Netherlands, amene anatisiya pa 12 Okutobala 2021 ali ndi zaka 59. Ndaphunzitsa jogalafe ku sekondale kwa nthawi yaitali, ndipo ndimamva chisoni kuti ana athu amaloweza mayina a anthu otchuka osiyanasiyana, koma sadziwa anthu amene anathera moyo wawo wonse pofufuza chinthu chomwe chimatigwetsera nyumba chaka ndi chaka.

Bamboyu sanayambire ku zanyengo. Maphunziro awo a ukachenjede anali a fizikisi, okhudza tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tomwe timapanga zinthu zonse. Mu 1996 ndi pamene analowa ntchito ku KNMI, nthambi yoona zanyengo ya dziko lawo, ndipo anayamba ndi kufufuza El Niño. Dzina limeneli mlimi wa kuno amalidziwa tsopano, chifukwa madzi a pakati ndi kum'mawa kwa nyanja ya Pacific akatentha kupyola muyezo, mvula ya kum'mwera kwa Africa kawirikawiri imavuta. Amene analipo mu 1992, mu 2016 ndi mu 2024 sayenera kuchita kuuzidwa. Funso la a van Oldenborgh linali lakuti kodi munthu angadziwiretu bwanji, kutatsala miyezi, kuti nyengo ikubwerayo idzakhala yotani.

Pofufuzapo anaona kuti manambala a mvula ndi kutentha anali omwazikana, dziko lililonse ndi ake, bungwe lililonse ndi ake. Anayamba kuwasonkhanitsa pamalo amodzi pa intaneti, n'kupatcha Climate Explorer, ndipo anapatsegula kuti aliyense agwiritse ntchito mwaulere. Wophunzira wa ku Zomba, ngati ali ndi kompyuta ndi bandulo, angathe kulowapo lero n'kuyerekeza mvula ya dera lake ndi kutentha kwa nyanja ya Pacific monga momwe pulofesa wa ku Ulaya angachitire. Kwa ine, ichi chokha n'chokwanira kuti munthuyu akumbukiridwe.

Koma chomwe chinawatchukitsa n'china. Kale, chigumula chikachitika atolankhani n'kufunsa ngati chabwera kaamba ka kusintha kwa nyengo, akatswiri ankayankha kuti sizingatheke kunena za ngozi imodzi payokha. Ena akati afufuze, zotsatira zinkatuluka patapita chaka kapena ziwiri, anthu ataiwala, makamera atapita kwina. Cha m'ma 2015, a van Oldenborgh pamodzi ndi mayi Friederike Otto, amene panthawiyo anali ku Oxford, anayambitsa gulu la World Weather Attribution kuti yankho lizipezeka m'masabata ochepa, matope asanaume.

Njira yawo si yovuta kuimvetsa. Amatenga kaundula wa mvula wa dera lomwe lakhudzidwalo, kubwerera m'mbuyo zaka makumimakumi, n'kuona kuti mvula yotere inkagwa kangati kale ndipo ikugwa kangati masiku ano. Kenaka pa makompyuta amayerekeza maiko awiri: dziko lathu lino, lomwe latentha ndi digiri imodzi n'kanthu chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta, ndi dziko lomwelo likanakhala kuti silinatenthe. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula chinyezi chochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo chinyezicho chikati chitsike chimagwa ngati mvula yamphamvu. Namondwe Harvey atakantha mzinda wa Houston ku America mu Ogasiti 2017, a van Oldenborgh ndi anzawo anapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvulayo ndi pafupifupi 15 peresenti, ndiponso kuti mvula yotero tsopano ikhoza kugwa katatu kuposa kale. Mu Julaye 2021 madzi anasefukira ku Germany ndi ku Belgium n'kupha anthu oposa 200, ndipo mwezi wotsatira gululo linali litatulutsa kale zotsatira. Nthawi imeneyo n'kuti bamboyu atadwala khansa ya m'magazi kwa zaka zambiri, koma sanasiye ntchito. Magazini ya Time inawaika iwo ndi mayi Otto pa mndandanda wa anthu 100 ofunika kwambiri a chaka cha 2021, ndipo patangodutsa masabata ochepa anamwalira.

Tsopano ndifike pomwe pandilembetsa kalatayi. Patatha miyezi itatu chimwalirireni, mu Januwale 2022, namondwe Ana anatipeza. Anakokolola minda ndi midzi m'chigwa cha Shire, anawononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala mu mdima wa magetsi kwa miyezi yambirimbiri. Anzawo a malemuwa, kuphatikizapo a Izidine Pinto, katswiri wochokera ku Mozambique konkuno, anatenga njira yomwe ija kuti afufuze mvula ya Ana ndi ya namondwe Batsirai m'maiko a Madagascar, Mozambique ndi Malawi. Mu Epulo 2022 ananena kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezeradi mvulayo. Koma atafika pa funso lakuti kunawonjezera ndi zingati, anagwira njakata. Ku Mozambique, mwa malo 23 oyezera nyengo a m'dera lokhudzidwalo, anayi okha ndi omwe anali ndi kaundula wokwanirako kuyambira 1981. Ku Madagascar ndi kuno ku Malawi sanapeze malo alionse okhala ndi manambala oyenera kafukufukuyo.

Akonzi, mfundo imeneyi imandisowetsa tulo. Anthu a ku Houston anauzidwa nambala. Anthu a ku Germany anauzidwa nambala. Ife, amene utsi wathu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa maiko ena koma maliro ndi athu, tinangouzidwa kuti inde mvula yawonjezeka, basi. Si kuti akatswiriwo anatinyoza. Nzeru zinalipo, makompyuta analipo, chomwe chinasowa ndi buku lolembedwa tsiku ndi tsiku, m'mawa uliwonse, popanda kudumpha, ndipo lopezeka kwa wofufuza akalifuna.

Malo oyezera nyengo tili nawo. Chileka, Bvumbwe, Mimosa, Ngabu, Makoka, Chitedze, awa ndi mayina akale pa nkhani ya mvula. Alangizi a zaulimi amalemba mvula m'madera mwawo. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje yakhala ikuyeza mvula kuyambira kalekale, pakuti tiyi salimika popanda kutero. Mwa njira yomweyi tinadziwa kuti namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, mvula yomwe madera ambiri a dziko lino salandira ngakhale chaka chathunthu. Koma nambala imodzi, ikule bwanji, siingatiuze ngati zinthu zikusintha. Imafuna anzake a zaka 40 kapena 50 zam'mbuyo, osaduka pakati, osati ena ali m'kabati yodyedwa ndi chiswe, ena anatayika posamutsa ofesi.

Ena adzati kodi nambalayo idzaukitsa amene anakwiririka ku Chilobwe? Ayi. Koma wopanga mlatho pa Ruo kapena pa Mwanza amafunika kudziwa kuti madzi angakwere kufika pati m'zaka zikubwerazi, apo ayi tidzamanga mlatho womwewo kawiri ndi ngongole ziwiri. Ndiponso kuyambira pa msonkhano wa maiko onse wokambirana zanyengo wa COP27 ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt mu 2022, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandizira maiko omwe awonongekeredwa ndi kusintha kwa nyengo. Nthumwi zathu zikamapita kumeneko zimafunika umboni m'manja. Pabwalo la milandu, misozi yokha siipambanitsa munthu.

Chinanso chomwe ndimawalemekezera a van Oldenborgh ndi gulu lawo n'chakuti sakondera. Manambala akasonyeza kuti kusintha kwa nyengo sikunachite zambiri, amanena momwemo ngakhale ena akhumudwe. Mu 2024, boma litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala, gululi linafufuza ng'amba ya kum'mwera kwa Africa n'kupeza kuti gwero lalikulu linali El Niño. Ife tiyenera kuphunzirapo, chifukwa masiku ano mawu akuti kusintha kwa nyengo asanduka pobisalira. Napolo anatsika ku Zomba mu 1946, anatsikanso ku Phalombe mu 1991. Mvula yamphamvu si yachilendo kuno. Kutentha kwa dziko kukuiwonjezera mphamvu, zimenezo n'zoona, koma si kutentha kwa dziko komwe kunadula mitengo m'phiri la Soche ndi la Ndirande, si komwe kunagawa malo omanga nyumba m'mphepete mwa mitsinje, si komwe kumatseka ngalande ndi zinyalala. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Popanda kafukufuku wathuwathu sitingasiyanitse mlandu wa maiko olemera ndi mlandu wathu, ndipo tikasokoneza ziwirizi tidzalephera kukonza ngakhale zomwe zili m'manja mwathu.

A van Oldenborgh anakhala pa ntchito imodzi zaka 25. Dziko lawo linawalipira kuti akhale pansi, asonkhanitse manambala, aganize, alakwitse, akonze. Kuno tili ndi achinyamata anzeru amene akuphunzira zanyengo ku MUST ku Thyolo, ena za madzi ndi chilengedwe ku MUBAS, ku LUANAR, ku UNIMA ndi ku Mzuni. Akamaliza amapita kuti? Ambiri amathamangira mapulojekiti a zaka ziwiri, kulemba malipoti a mabungwe, thandizo likatha n'kuyambanso kufuna kwina. Sindikuwanena, munthu ayenera kudya. Koma katswiri wa mvula ya chigwa cha Shire sangapangike motero. Amafunika malipiro okhazikika ndi zaka zambiri pa mtsinje umodzi.

Pempho langa kwa boma ndi aphungu n'lakuti nthambi yoona zanyengo ipatsidwe ndalama zokwanira zosungira malo oyezera mvula ndi kulipira amene amawerenga zipangizozo, ngakhale pa Khirisimasi. Mabuku akale onse, a boma, a m'minda ya tiyi ndi a ku mishoni, asonkhanitsidwe n'kulowetsedwa pa kompyuta. Ntchito imeneyi ophunzira a ku yunivesite angaigwire pa tchuthi atapatsidwa kangachepe. Akatero, manambalawo atsegulidwe kwa ofufuza athu popanda kuwalipiritsa. Sekondale iliyonse ikhalenso ndi chipangizo choyezera mvula, chifukwa n'chotsika mtengo, ndipo mwana amene walemba mvula ya pasukulu pake kwa zaka zinayi sadzaonanso jogalafe ngati phunziro longoloweza.

Kwa inu Akonzi, tumizani mtolankhani wanu akafunse kuti ndi malo angati m'dziko muno omwe ali ndi kaundula wa mvula wa tsiku ndi tsiku wosaduka kuyambira 1981, ndiponso kuti wophunzira wofuna manambalawo amawapeza bwanji. Yankho lake mudzatisindikizire mvula isanayambe.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa jogalafe, Mulanje