Talotani: masewera a kanema wakale asamathere m'mikangano

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tikambeko za masewera amene amasonkhanitsa anthu madzulo kuno ku Angonia, makamaka magetsi akathima kapena Credelec, magetsi olipiriratu aja, ikatha mwezi usanathe. Wina amafotokoza pulogalamu yakale ya pa kanema osaitchula dzina, ena n'kumalota. Ndi "Ndagi!" "Gize!" yomwe ija, kungoti m'malo mwa nyumba yopanda khomo tsopano tikulota galimoto yolankhula. Chatilembetsa n'chakuti masewerawa amakonda kuthera m'kukangana, wina atanyanyala, ndipo mlandu umagwera osewera kuti ndi a mtima wapachala. Komatu gwero lake lili pena: anthu a m'chigawo cha Tete sitidaonere kanema mmodzi, ndipo wokonza masewera akaiwala zimenezi, gulu limodzi limakhala litapambana kale khadi loyamba lisanatsegulidwe.

Kanema wa dziko lathu la Mozambique adayamba mu 1981 ku Maputo akutchedwa TVE, ndipo kwa zaka zambiri ankaoneka konkuja kokha. Kuno kudali nkhondo. Mabanja ambiri a ku Ulongwe, Domwe ndi Tsangano adali ku Dedza ndi ku Ntcheu kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ku Malawiko kanema kudalibe mpaka Television Malawi idatsegulidwa pa 1 Epulo 1999. Ndiye munthu wa zaka 55 amene adakulira m'malire, zimene zidamukhala m'mutu ndi masewero a pa wailesi ya MBC. Mnzake wa msinkhu womwewo wa mumzinda wa Tete, ku Moatize kapena ku Songo, komwe magetsi adafika msanga, amatchula anthu a m'manovela, masewero otsatizana a pa kanema a ku Brazil, ngati akutchula abale ake. Pakati pawo pali amene adamanga eriyo pa nsungwi yaitali n'kuilozetsa ku Malawi, pali amene adagula dishi ndi kadikoda kogwira SABC ya ku South Africa mwaulere, ndiponso ali ochuluka amene kanema wawo adali kanyumba ka vidiyo ka pamsika, kolipira pakhomo, jenereta ikubangula kuseri.

N'chifukwa chake makadi ayenera kugawidwa potengera kumene pulogalamu idachokera. Dulani makadi 40 pa katoni ya sopo, lililonse kukula ngati chikhatho, muwaike milu inayi ya makadi 10. Mulu woyamba ndi wa zooneka pa makanema a kuno ku Mozambique, TVM, Miramar ndi STV, kuphatikizapo manovela. Wachiwiri ndi wa za ku Malawi. Wachitatu ndi wa za pa dishi, monga za ku South Africa ndi ku Nigeria. Wachinayi ndi wa za ku America ndi ku England zimene zidazungulira paliponse. Kuseri kwa khadi lembani nambala ya mulu wake, ndipo milu izitoledwa mosinthana, 1, 2, 3, 4, osati gulu kumadzisankhira. Mukalola kusankha, odziwa manovela amadya mulu wawo wonse n'kukhala chete, masewera n'kuzizira pakati. Ngati osewera onse ndi a ku Moatize, palibe chifukwa chokakamira makadi 10 a za ku Malawi. Chepetsani, koma mugwirizane masana, osati masewera ali mkati.

Olemba makadi akhale awiri a misinkhu yosiyana, ndipo asasewere nawo. Mmodzi ndiye amawerenga, wina n'kukhala woweruza. Pulogalamu yolowa pa khadi ikhale yoti idayamba kuoneka zaka 10 zapitazo kapena kuposerapo.

Ntchito yeniyeni ili pa zolozera. Khadi lililonse likhale ndi zitatu: chakutali, chapakati ndi chapafupi. Wolota pa choyamba amalandira nyemba 3, pa chachiwiri 2, pa chachitatu imodzi. Titenge novela ya O Clone ya mu 2001. Chakutali chingakhale chakuti dokotala wina adapanga munthu mobisa, mtima ukumuwawa ndi imfa ya mnyamata amene adagwa ndi helikopita. Chapakati, nkhaniyo imayenda pakati pa Brazil ndi Morocco. Chapafupi, mtsikana wake ndi Jade. Onani kuti choyamba chikufuna munthu amene adatsatiradi nkhani, pamene chachitatu ngakhale amene ankangodutsa pawindo la aneba achidziwa. Roque Santeiro ya mu 1985 mungaiyambe ndi msika waukulu wa ku Luanda umene udatenga dzina lake, kenaka tauni yonse imene ikudyera pa dzina la munthu womuyesa woyera wakufa pomwe iye ali moyo, n'kutsiriza ndi Sinhozinho Malta wogwedeza zibangili za pamkono akakwiya. Tikuferanji nayo imatheka bwino: sewero lomwe linkamveka pa wailesi n'kumaonekanso pa kanema likuphunzitsa za Edzi, mmodzi wa osewera ake adadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi mu 2024, ndipo pomaliza, Manganya, amene ndi Michael Usi.

Cholozera choipa ndi chimene chimakwana paliponse. "Muli mayi woipa mtima, mwana wotayidwa ndi chuma cholimbirana." Amenewo ndi manovela 20, ndipo gulu likatchula ina mwa iwo simungalikanize popanda phokoso. Njira yoyesera ndi yapafupi: mukalemba, phimbani dzina ndi chala, muwerengere mnzanu wolemba naye, ndipo akatha kutchula pulogalamu ina imene zolozera zonse zitatu zikuikwana, khadilo lilembedwenso. Choipa china ndi kufunsa zaka zokhazokha. Palibe amene amakumbukira chaka. Anthu amakumbukira chipewa, kayendedwe, galimoto, mwana wobisala mu mgolo ngati Chaves, kapena Seu Madruga ndi ngongole yake ya lendi ya miyezi 14. Chaka chizibwera ngati chothandizira chabe, ndipo chikhale chimene mwachitsimikiza, chifukwa chaka chimene novela idapangidwa ku Brazil sindicho chimene idaoneka kuno.

Magulu akhale awiri, a anthu 4 mpaka 6, osakanizidwa dala: wamkulu, wachinyamata, wokulira mumzinda, wokulira m'malire. Mukasiya kuti anthu adzigawe okha, akuluakulu amakhala mbali imodzi, ana mbali ina, ndiye zimasanduka kunyozana kwa mibadwo. M'mbale muike nyemba 120, poti ndizo zochuluka zimene makadi 40 angatulutse. Zitsekerero za mabotolo zimagwiranso ntchito, ndipo sizisowa mumdima ngati nyemba. Cholozera chikawerengedwa, gulu lili ndi masekondi 30. Limakambirana, koma woyankha ndi mmodzi yekha, ndipo yankho loyamba kutuluka pakamwa pake ndilo lomwelo. Akaphonya, gulu linalo limayesa kamodzi pa mtengo womwewo. Onse akaphonya, wowerenga apite pa cholozera chotsatira. Zitatu zonse zikatha osalota, gulu limene khadi lidali lake libaire, monga timachitira pa ndagi, pobweza nyemba imodzi m'mbale, ndipo pamenepo yankho liululidwe. Khadi limodzi limadya mphindi ziwiri, choncho masewera onse ndi ola limodzi ndi mphindi 20. Kupitirira apo ana amayamba kusinza, akulu n'kuyamba nkhani za feteleza.

Tsopano misampha, imene ndiyo imaswa mabwalo ambiri.

Woyamba ndi dzina lakuti TVM. Kanema wa ku Mozambique ndi TVM, ndipo wa ku Malawi ankatchedwanso TVM asanaphatikizidwe ndi MBC. Wowerenga akangoti "inkaoneka pa TVM", wa ku Zobwe maganizo amathamangira ku Blantyre, wa ku Tete ku Maputo, ndipo onse akulondola. Pa khadi lembani dziko.

Wachiwiri ndi maina. Pulogalamu imodzi ya ku America imatha kukhala ndi maina atatu kutengera amene adaimasulira. Knight Rider, ya galimoto yakuda yolankhula yotchedwa KITT, ku Portugal ndi O Justiceiro, ku Brazil ndi A Super Máquina. The A-Team ku Portugal ndi Soldados da Fortuna, ku Brazil ndi Esquadrão Classe A. MacGyver, uja wokonza chilichonse ndi kampeni ka m'thumba, a ku Brazil ankamuti Profissão: Perigo. Maina onse amene mukuwadziwa alembedwe pansi pa khadi, ndipo lililonse mwa iwo lilandiridwe. Katchulidwe kasakhale mlandu. Agogo akatchula dzina la Chingerezi molipinda koma aliyense wamva chimene akunena, nyemba ndi zawo. Awa si mayeso a kusukulu.

Pali anthu ambiri amene dzina la pulogalamu sadalidziwepo, ankangoitchula ndi dzina la wosewera. Walker, Texas Ranger kwa iwo ndi Chuck Norris basi. Apa maganizo athu ndi akuti yankho lotere lipatsidwe nyemba imodzi, kaya labwera pa cholozera chiti, chifukwa munthuyo waizindikira ndithu, koma Chuck Norris adasewera zambiri. Ena amati lisalandiridwe konse. Ameneyo ndi mwambo wouma, umathamangitsa anthu omwe adaonera m'tinyumba ta vidiyo, momwe chikwangwani cha pakhomo chinkalembedwa dzina la womenya nkhonya osati la filimu.

Wachitatu ndi mapulogalamu obwerezedwa. Escrava Isaura ya ku Brazil ilipo ya kanema wa Globo ya mu 1976, ya Lucélia Santos, ndipo ilipo ya kanema wa Record ya mu 2004. Nkhani ndi imodzi, osewera ndi ena, kupatula ochepa monga Rubens de Falco, amene m'yoyamba adali Leôncio wankhanza uja, m'yachiwiri n'kudzakhala bambo wake wa Leôncio. Cholozera chonena za wosewera chimagawa bwalo pawiri ngati simunanene kuti mukukamba iti, ngakhale kuti kwa odziwa bwino nkhani ya Rubens de Falco yomweyi ndi cholozera chokoma cha nyemba 3. N'chimodzimodzi Generations ya ku South Africa: mu 2014 osewera 16 adachotsedwa, n'kubwera Generations: The Legacy. Mukatchula Karabo Moroka muonetsetse kuti zolozera zinazo zikuchokera m'nyengo imodzi.

Wachinayi ndi kusakaniza wailesi, kanema ndi bwalo la zisudzo. Kapalepale lidali sewero la pa wailesi ya MBC. Izeki ndi Jakobo ndi maina a anthu awiri a nthabwala, John Nyanga ndi Eric Mabedi. Kuxa Kanema idali nkhani ya pa filimu imene inkaonetsedwa m'nyumba za sinema ndi m'midzi dziko litangolandira ufulu. Wokonda malamulo adzati zonsezi zichoke poti si mapulogalamu a pa kanema. Ife tikuti zilowe, chifukwa mukazichotsa mwatulutsa m'masewera aliyense amene unyamata wake udathera pa nkhondo. Chofunika n'chakuti wowerenga anene poyamba kuti khadi ili ndi la pa wailesi, kapena kuti tikufuna maina a anthu. Makadi otere asapitirire 3 pa mulu umodzi.

Mafoni onse alowe m'lichero masewera asanayambe, kutsala imodzi ya woweruza yowerengera nthawi. Kufufuza pa intaneti kuchitike masana polemba makadi. Usiku netiweki ikavuta, bwalo lonse limadikira foni mphindi 10, ndipo pomwe yankho likubwera anthu amakhala atabalalika. Pakabuka mkangano umene woweruza sangaudule pa mphindi imodzi, khadilo liikidwe pambali, nyemba zisaperekedwe, atole lina.

Ena amakonda kulowetsamo nyimbo zoyambira mapulogalamu. Zimakoma, bola aziimba chong'ung'udza, pakamwa potseka, kwa masekondi 10, chifukwa mawu a nyimbo zambiri amatchula dzina la pulogalamu kapena la mwini nkhani. Ndipo wong'ung'udza akhale woti amatha. Pali ena nyimbo iliyonse imatuluka ngati ya kwaya ya Lamulungu. Kuyerekeza ndi thupi osalankhula nako kumaseketsa, koma Mr. Bean musamuike pamenepo, ngakhale mwana wa zaka 6 amulota munthu asanamalize kukwinya nkhope. Woweruza ayang'anenso amene ali pabwalo. Simungauze mkamwini kuti ayerekeze zachikondi za m'novela apongozi ake ali pamphasa pomwepo. Makadi otere awerengedwe ndi mawu, kapena adikire tsiku la achinyamata okhaokha.

Ndalama zisalowepo. Mukangoikapo ngakhale mametikali 10, woweruza amasanduka mdani ndipo zimene zidali zocheza zimakhala juga. Gulu logonja liotche chimanga kapena liphike tiyi wa onse, zakwana. Magulu akafanana nyemba, woweruza akhale ndi makadi 3 apadera m'thumba, a cholozera chimodzi chokha, ndipo woyamba kulota awiri ndiye watenga.

Makadi akaseweredwa kawiri amakhala atatha mchere, poti anthu amaloweza. Asungeni m'jumbo kuti asanyowe, musinthane ndi a bairro kapena dera lina, ndipo nthawi iliyonse muwonjezemo 10 atsopano. Mulu umene ukutisowa kuno ndi wa za ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Owerenga a ku Chifunde, Cassacatiza ndi Cuchamano amene adaonera za kumeneko atilembere kudzera pa tsamba lomwe lino, A Mkonzi, zolozera zitatu pa pulogalamu iliyonse, yankho alisiye kaye.

Ndife anu,
Okonza masewera a madzulo,
Ulongwe, Angonia