Chithunzi cha matsache munachisindikiza, nanga mulu wa zinyalala uja?

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo pa tsamba la makalata kuti ndiyankhe nkhani yomwe munalemba sabata yatha yonena kuti tawuni ya Kasungu yawala anthu atagwira ntchito yosesa. Nkhani imeneyo yandiwawa, ndipo sindili ndekha. Munaika chithunzi chachikulu cha anthu ovala matisheti ofanana, aliyense tsache lake m'manja, mano onse pamtunda. Pansi pake munalemba kuti anthu a mabizinezi ndi okondwa. Ine ndine mmodzi mwa anthu a mabizinezi amenewo, ndili ndi kagolosale kufupi ndi msika, ndipo palibe amene anabwera kudzandifunsa ngati ndili wokondwa.

Zimene mtolankhani wanu sanalembe ndi izi. Anthu aja anasesadi, kuyambira cha kudepoti kutsata m'mbali mwa msewu wa M1. Atamaliza anaunjika zinyalala zonse pamalo amodzi, m'mphepete mwenimweni mwa ngalande, kuseri kwa mabenchi a amayi ogulitsa tomato ndi usipa. Tinawafunsa kuti bwanji mukusiya pano, iwo anati thirakita ibwera masana kudzanyamula. Kenaka panali zolankhula, kuwomba m'manja, kujambulitsa, ndi zakumwa zozizira. Dzuwa lisanafike paliwombo magalimoto onse anali atapita. Thirakita ija mpaka lero sinabwere.

Aliyense wokhala m'tawuni amadziwa zimene zimachitika mulu wa zinyalala ukangogona pamalo usiku umodzi. Anthu amati apa ndiye padzala. Wa chiwaya anayamba kutayapo makoko a mbatatesi, wa nkhuku nthenga ndi matumbo, a m'nyumba zapafupi kumabwera usiku ndi majumbo omanga pakamwa, m'kati muli mapampasi a ana. Mbuzi ndi agalu zinkafukula n'kumamwaza. Ntchentche zinkachoka pamuluwo kukatera pa usipa, kuchoka pa usipa kukatera pa mandasi amene ana asukulu amagula. Amayi aja ankangokhalira kukupiza ndi kanthambi, kwinaku akudandaula kuti makasitomala akuthawa fungo. Malo amene asanasesedwe anali ndi zinyalala zomwazikana apa ndi apo anasanduka dzala lalikulu kuposa kale, ndipo amene analiyambitsa ndi omwe aja muli nawo pachithunzi.

Ndiye inabwera mvula ya usiku ija. Mulu wonse unakokolokera m'ngalande n'kukatseka pakhalavati. Madzi atasowa kolowera anasefukira, nadutsa pakati pa mabenchi n'kulowa m'mashopu a kumunsi. Mayi wina amene amagulitsa ufa, nyemba ndi mpunga anapeza matumba ake apansi atanyowa ndi madzi akuda onunkha. Mayi ameneyu mpamba wake ndi wangongole ya kubanki m'khonde, ndipo anzake a gulu sadzamva zoti kunagwa mvula. Ndinamuona atakhala pa ndowa yovundikira, chitenje chili pamaso, osalankhula. M'mawa umenewo anyamata onyamula katundu ndi amene analowa m'ngalande, madzi ofika m'mawondo, opanda magambutsi kapena magolovesi, kumasolola majumbo, mabotolo ndi zisanza ndi manja. Tinasonkherana timakobiri kuwapatsa. Pa anthu a matisheti aja panalibe ndi mmodzi yemwe. Mtolankhani wanunso kunalibe.

Ndikufunseni a Mkonzi, kodi ntchito ya mtolankhani ndi kupita kumene wayitanidwa basi? Kodi amene wamutumizira galimoto ndi kumupatsa ya thiransipoti ndi amene amamuuzanso nthawi yoyang'ana ndi nthawi yotseka maso? Kuchoka pomwe anajambula chithunzi chija kufika pomwe panali muluwo ndi mtunda woti munthu angaponye mwala. Akanangotembenuka akanauona. Akanadikira kuti aone ngati thirakita ibwere, kapena kubwerera m'mawa wake, akanalemba nkhani ina kotheratu. Chithunzi chija tsopano chili pa Facebook, abale athu a ku Lilongwe ndi ku Joni akutiyamikira kuti kwanu kwasintha, pamene ife tikukolopa matope m'mashopu. Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti amene anakonza mwambowo adula nkhani yanuyo n'kuiphatika pa lipoti lawo ngati umboni woti ntchito inayenda bwino, ndipo chaka chamawa apatsidwanso ndalama zogulira matisheti ena.

Sindikutsutsa kusesa. Mu November 2020 mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku losesa m'dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo ambiri tinagwirizana nazo. Koma kusesa ndi theka la ntchito. Mwana wa kumudzi amadziwa kuti akasesa pabwalo amawola n'kukataya kudzenje. Kusesa kosawola ndi kungosuntha uve kuchoka pamene bwana adutse kukauika pamene pali anthu osauka. Ndipo tisaiwale msanga. Kolera amene anayamba mu March 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Matenda amenewo amayenda ndi madzi oipa ndi ntchentche zomwe ndikunenazi. Kuunjika zinyalala pafupi ndi chakudya nyengo ya dzinja itayandikira ndi kuika miyoyo ya anthu pachiswe, ndipo nyuzipepala yoyamikira zimenezo yatengako mbali.

Vuto lake ndi loti inu a nyuzi Kasungu mumaikumbukira pa zinthu zochepa kwambiri. Msika wa fodya ukamatsegulidwa ku Chinkhoma mumabwera. Pamene njobvu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu National Park mu 2022 munabwera, ndipo mumabwereranso zikawononga minda kapena kupha munthu. Pakakhala msonkhano wa ndale mumabwera. Pa 14 May mumakumbuka kuti Kamuzu Banda anali wa kuno, n'kutchulako Kamuzu Academy ya ku Mtunthama. Zotsalazo ndi nkhani za apolisi, wakuba ng'ombe, wogwiririra, wodzimangirira, zomwe mumangokopera zimene mneneri wa polisi watumiza pa WhatsApp osasinthako ndi liwu limodzi. Munthu wowerenga nyuzipepala yanu ali kutali angaganize kuti kuno kumakhala njobvu, fodya ndi zigawenga basi.

Koma ku Lilongwe msewu ukangotsekedwa kwa maola awiri, tsamba loyamba. Za mphambano ya ku Area 18 ndi msewu wa mizere isanu ndi umodzi tinawerenga mpaka kuloweza, ngakhale ambiri mwa ife timapita ku likuluko mwa apo ndi apo. Ngalande ikatsekeka ku Limbe mumafunsa a khonsolo, a zaumoyo, akatswiri a ku yunivesite, n'kulembanso ndemanga ya mkonzi. Ikatsekeka ku Kasungu mumalemba kuti tawuni yawala. Ife nyuzipepala timagula mtengo womwewo, bandulo ya intaneti timagula mtengo womwewo, ndipo msonkho wa boma sutisiya chifukwa choti tili mtunda wa makilomita oposa 100 kuchoka ku likulu.

Kasungu si kamudzi ayi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 58,000 m'tawuni muno, ndipo aliyense akuona kuti chiwerengerocho chakwera. Mapuloti akugulitsidwa mbali zonse, nyumba zikumangidwa mpaka m'madambo momwe kale madzi ankadutsa. Akale anati walira mvula walira matope, ndipo ife tinkafuna tawuni yokula, tayipeza pamodzi ndi matope ake. Mavuto onse a mzinda waukulu tili nawo. A kabaza a njinga zamoto amathamanga pakati pa anthu opanda zipewa, atakweza anthu awiri ndi thumba la chimanga. Mavenda adzaza m'makonde mwa mashopu moti woyenda pansi amakakamizika kulowa mumsewu momwe mukudutsa mathiraki opita ku Mzuzu ndi ku Tanzania. Lendi ikukwera ngati tili ku Area 25. Usiku mayi wochokera kumsika amayenda mumdima, foni atabisa m'chitenje. Zimbudzi zolipiritsa zilipo zochepa, ndiye makoma a kuseri kwa mabala ndi amene amalandira. Koma zinthu zimene zimathandiza mzinda kupirira mavuto amenewa, magalimoto onyamula zinyalala okhala ndi masiku odziwika, mabini akuluakulu pamsika, ngalande zokonzedwa mvula isanayambe, ndi zimene timangozimva. Zonsezi ndi nkhani, a Mkonzi, ndipo zili poyera tsiku lililonse, sizifuna kalata yoyitanira.

Ngakhale nkhani ya majumbo yokha ikanadzaza tsamba. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, mu 2015, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Koma zimene anyamata aja ankasolola pakhalavati zinali zimenezo zokhazokha, zabuluu ndi zakuda, zopiringizana ndi matope. Wogula tomato wa K500 amapatsidwa jumbo, wa tchipisi jumbo, wa makala jumbo. Amachokera kuti ngati ndi oletsedwa? Amalowa bwanji mumsika? Funso limeneli ndi loti mtolankhani akafunse ku bungwe loona za chilengedwe la MEPA, osati kumangolemba zimene nduna yanena pa tsiku lokumbukira chilengedwe. Nafenso anthu okhala m'tawuni tili ndi mlandu wathu, chifukwa amene amaponya chitsononkho ndi botolo pawindo la minibasi si a boma ayi. Koma munthu ungamudzudzule bwanji pamene msewu wonse wayenda osapeza bini, ndipo akuluakulu amene amamulalikira za ukhondo ndi omwe amusiyira dzala pakhomo?

Ndikupempha a Meya ndi makhansala athu, a Bwanamkubwa, aphungu a kuno komanso akulu a zaumoyo kuti afike pamalopo aone okha, asadikire lipoti. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapereka ntchito yosamalira zinyalala ndi misika m'manja mwa makhonsolo, choncho ali ndi mphamvu yoitanitsa amene anakonza mwambo uja n'kuwafunsa kuti anagwirizana ndi ndani za thirakita, ndipo bwanji sinabwere. Ngati anachita mwambowo osakonza za konyamulira, awauze kuti abwere adzamalize ntchito yawo, ndipo akamupepese mayi uja ndi kumubwezera katundu wake. Ndalama za matisheti zinapezeka, za matumba angapo a ufa ndi nyemba sizingasowe. Mafumu a m'tawuni ndi akomiti ya msika nawonso asamangovomera kuyitanidwa kukakhala pamipando ya kutsogolo. Azifunsa asanakhale pansi kuti zinyalala zikasesedwa zipita kuti.

Kwa inu a Mkonzi, tumizani mtolankhani yemwe uja abwere, ajambule khalavati ndi zotsalira za mulu uja, alankhule ndi amayi a pamsika ndi anyamata analowa m'ngalande, ndipo nkhaniyo muyiike pa tsamba lomwe lija, chithunzi kukula chimodzimodzi. Lamulo lopereka ufulu wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ligwiritseni ntchito. Funsani kuti ziphaso zomwe ogulitsa amadula tsiku ndi tsiku pamsika zimabweretsa ndalama zingati pamwezi, ndipo zingati mwa izo zimapita ku ntchito yochotsa zinyalala. Mayankhowo muwasindikize tiwerenge tonse. Ndipo ulendo wina wina akadzakuyitanani ku mwambo wosesa, muuzeni kuti mubwera pa nthawi yonyamula. Thirakita izifika kaye, iyime pamenepo, kenaka matsache azituluka. Pamsika paikidwe mabini awiri kapena atatu akuluakulu, alembe masiku onyamula pachikwangwani, ife a mashopu tili okonzeka kusonkhako ya dizilo bola tidziwe amene akusunga ndalamayo. Mvula yangoyamba kumene, ndipo khalavati ija yayambanso kudzaza.

Nzika yokhudzidwa,
Chankhanga, Kasungu